Phunziro: Za Munthu Wovulala Bongo

Abale, pa msewu wa ku Senga Bay ndi pa msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja njinga zamoto za kabaza zachuluka ndithu, ndipo okwerapo ambiri savala chisoti cholimba. Munthu akagwa namenyetsa mutu pansi, maso athu onse athamangira bala la pakhungu pakuti likuchucha magazi. Koma bala loopsa liri m'kati mwa chibade. Bongo ukagwedezeka umatupa, kapena mtsempha umang'ambika, magazi naunjikana m'mutu mopanda potulukira.

Chifukwa chake musanyengedwe poona kuti wadzuka nalankhula bwino. Akayamba kusanza, kusinza kosadzutsika, kugwa khunyu, kapena kutuluka magazi ngakhale madzi m'khutu ndi m'mphuno, mutengereni msanga ku chipatala cha boma cha Salima, osapinda khosi lake. Milandu yaikulu aitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene m'chaka cha 2023 adatsegula chipatala cha LION cha mafupa ndi opaleshoni ya bongo.

Koma ntchito yeniyeni iyamba wodwala atabwera kumudzi. Bala lapola, komabe dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi ndi zofooka. Aiwala mawu amene mwamuuza m'mawa. Akwiya msanga, iye amene kale anali wofatsa. Apa ndipo anansi ayamba kunong'ona kuti walodzedwa kapena wapenga, ndipo mbuzi ipita kwa sing'anga. Si ufiti ayi, ndi bongo wovulala. Ndipo bongo ukhoza kuphunziranso, makamaka m'miyezi 6 yoyamba, ngakhale kuchira kumapitirira zaka.

Ophunzitsa thupi kuyendanso, amene awatcha a fiziyo, akadali ochepa. Sukulu ya madokotala ku Blantyre idayamba kuphunzitsa digiri ya ntchito imeneyi m'chaka cha 2010. Ku Blantyre komweko kuli Kachere, nyumba imene idakhazikitsidwa ndi bungwe la MAP limene lidayamba mu 1979 pothandiza odwala poliyo. Msodzi wa ku Lifuwu adzapeza kuti ndalama zofikira kumeneko? N'chifukwa chake tiyenera kupempha kuti a fiziyo aziyendera zipatala zazing'ono za m'midzi, naphunzitse achibale pomwepo.

Inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, poyendera odwala uzani achibale izi. Asamgoneke tsiku lonse, koma aziongola manja ndi miyendo yake tsiku ndi tsiku monga adawaonetsera ku chipatala. Amlole adye yekha, avale yekha, ngakhale achedwe. Chifundo chomchitira zonse chimfooketsa. Amuuze chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, pamalo popanda phokoso. Mowa asaulawe. Mkazi kapena mayi womsamala nayenso atopa, muzimlandira ntchito ya kumunda ndi kumadzi. Ndipo ngati wayamba kugwa khunyu, amwe mankhwala osadumpha tsiku, asakhale yekha pafupi ndi moto, ndipo asakwere bwato kapena kusamba m'nyanja popanda mnzake.