Adzawina ndani? Zoyenera ndi zosayenera polosera za 2030 kuno ku Luwani

Inki ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 isanafufutike n'komwe pa chala, mkangano wa 2030 unali utayamba kale. Pabawo, pachigayo, pamjigo, pasiteji ya kabaza, ngakhale m'minibasi yochokera pa Zalewa, aliyense wasanduka mlosi. Uyu akuti "auje boma atenga kusanache," uyo akuti "amenewo ngakhale kwawo sangawine." Kutsutsana n'kwabwino, achimwene ndi achemwali, ndipo zimandisangalatsa kuti ku Luwani nkhani za dziko timazitsata. Chimene chimandiwawa ndi kalosedwe kathu. Timayeza munthu ndi mtima, manambala tawasiya kunyumba. Amene timamukonda ndiye timati awina, amene anatikhumudwitsa ndiye timati watha, kenako zotsatira zikatuluka timagwira pakamwa n'kumati atibera.

Nzeru muli nazo, pamenepo sindikayika. Mwaona zisankho zambiri, ena kuyambira riferendamu ya 1993. Changotsala n'kukukumbutsani zimene mukuzidziwa kale.

ZOYENERA

1. Yambani ndi lamulo la 50+1. Chigamulire khoti pa 3 Febuluwale 2020, wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, ndiye funso lenileni ndi lakuti munthu wanuyo thekalo alipeza kuti.

2. Werengani dziko lonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Neno yonse sitinafike anthu 140,000, pomwe Lilongwe, mzinda ndi midzi yake, inapitirira 2.6 miliyoni.

3. Tcherani khutu kwa amene salankhula kwambiri. Amayi ndiwo ochuluka m'kaundula wa ovota, ndipo amene akudikira ufa pachigayo mwakachetechete ndi amene amadzuka mbandakucha kukaima pamzere.

4. Funsani mtengo wa thumba la chimanga, la fetereza ndi lita ya petulo musanafunse china chilichonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mizere ya mafuta n'kutalika, a Lazarus Chakwera anatsika kuchoka pa mavoti pafupifupi 59 pa 100 aliwonse mu 2020 kufika pa 33 mu 2025. Mphika wa kunyumba ndi umene unavota.

5. Ikani lonjezo ndi ntchito pamodzi, muone ngati zikufanana. A Bingu wa Mutharika analowa ndi mavoti 36 pa 100 aliwonse mu 2004, koma makuponi a fetereza atadzaza nkhokwe anabwerera ndi 66 mu 2009.

6. Onani ngati munthuyo amalandiridwa kwa eni ake, osati kwawo kokha. A Chakufwa Chihana anasesa Mpoto mu 1994, koma dziko lonse litawerengedwa anathera pachitatu.

7. Fufuzani mizu ya chipani m'midzi. Chipani chokhala ndi makomiti mpaka kwa nyakwawa, chotha kuika mamonita pa senta iliyonse yovotera, ndicho chimateteza voti yake usiku wowerenga.

8. Dikirani konivenshoni. Mpikisano woyamba umachitikira m'nyumba mwa chipani momwemo, ndipo mayina akuluakulu ambiri amathera pomwepo.

9. Onani kaye ngati malamulo akumulola kuima. A Bakili Muluzi anakanizidwa mu 2009 chifukwa anali atalamula kale materemu awiri, ndipo a Peter Mutharika ali pa teremu yawo yachiwiri, choncho funso la DPP ndi la wolowa m'malo.

10. Muyang'anitsitseni wachiwiri wake. Mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira, amene analowa ku State House anali mayi Joyce Banda, ngakhale anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula.

11. Mgwirizano uyeseni poona ngati otsatira agwirizananso, osati atsogoleri okha. Tonse Alliance inapambana pa 23 Juni 2020 chifukwa anthu a MCP ndi a UTM anali atayendera limodzi m'misewu ndi kukhoti chaka chathunthu.

12. Kafukufuku mufunseni mafunso atatu: wachita ndani, wafunsa ndani, wafunsa liti. Bungwe la IPOR la ku Zomba linaonetsa a Mutharika ali patsogolo chisankho cha 2025 chisanachitike, ambiri analitukwana, koma pa 24 Sepitembala MEC inalengeza kuti apeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 aliwonse.

13. Wogwa dzulo muzimuwerengerabe. A Bingu mu 1999 sanafike ngakhale 1 peresenti, a Chakwera analephera mu 2014, a Peter Mutharika anagwa mu 2020, ndipo onse atatu anadzalumbiritsidwa pambuyo pake.

14. Werengani amene ali ndi chitupa cha unzika ndipo analembetsa. Wachinyamata wovina kwambiri pamsonkhano, ngati dzina lake mulibe m'kaundula, ndi woonerera chabe.

15. Siyani mpata wa zadzidzidzi. Palibe anadziwa kuti pa 10 Juni 2024 ndege idzagwa ku Chikangawa n'kutenga a Saulos Chilima, ndipo tsiku limenelo mawerengero onse a 2025 anasintha.

16. Mufunseni aliyense wofuna voti za msewu wa Tsangano, Neno mpaka ku Mwanza. Maboma osiyanasiyana aulonjeza, ndiye woyankha ndi ndalama, kontilakitala ndi tsiku lomaliza ndi amene wabwera wokonzeka.

17. Mverani wa chipani china mpaka amalize. Ndi iye amene amaona chilema cha munthu wanu, chimene inu chikondi chakubisirani.

ZOSAYENERA

1. Musamaloserebe ngati tili m'masiku a 36 peresenti. A Peter Mutharika anawina ndi 36 mu 2014, inde, koma lero manambala amenewo akungokufikitsani ku chisankho chachibwereza.

2. Musamati "kuno aliyense akuti auje." Neno yakhala ikupendekera ku DPP, koma mukayesa Kasungu kapena Mzimba ndi maganizo a pa Lisungwi mudzadabwa pachabe.

3. Musawerenge khamu la pamsonkhano. Apa ndiye pamene ambiri a inu mumagwera, ndipo mumagwa chaka ndi chaka. Malole amatuta anthu kuchokera maboma atatu, oimba otchuka amakoka achinyamata, ena abwera kudzaona helikopita, ena kudzagulitsa mandasi ndi thobwa. Mayi yemweyo mumuona Lachiwiri atavala nsalu yabuluu, Lachinayi ya tambala wakuda, Loweruka yofiira, ndipo konseko nthungululu akuimba mofanana. Sakunama mayiyo, nsalu ndi nsalu. Koma voti ali nayo imodzi, ndipo sanakuuzeni.

4. Musamati khoswe wa pamkhate sapheka. Kamuzu anagwa mu 1994, mayi Joyce Banda anathera pachitatu mu 2014 nkhani ya Cashgate ili m'kamwa mwa aliyense, a Peter Mutharika anagwa mu 2020, a Chakwera mu 2025. Anayi onsewa anali pampando, MBC ndi galimoto za boma zili m'manja.

5. Musatengeke ndi lilime lotsekemera. Ntchito 1 miliyoni ndi fetereza wa K4,495 zinakoma m'makutu mu 2020, koma patapita zaka zisanu ovota anabwera ndi mawu omwewo kudzafunsa.

6. Musawerenge anthu ndi mtundu wawo n'kutseka buku. Zigawo zimakoka, sindikana, koma Mpoto wasintha mbali kangapo kuyambira 1994, ndipo ngakhale kwawo kwa munthu njala ikalowa ena amangokhala kunyumba osakavota.

7. Musayese mphamvu ya chipani ndi phokoso la pa Facebook kapena mdipiti wa galimoto. Ovota ambiri ali kumudzi, kumene bando ya intaneti imagonja kwa mchere ndi sopo.

8. Musaganize kuti wotuluka m'chipani amatuluka ndi mavoti ake. A Kondwani Nankhumwa anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa DPP kuchigawo cha Kummwera, koma ataima ndi PDP mu 2025 sanafike patali. Mavoti sasiyirananso ngati chuma chamasiye: UTM inapeza 20 peresenti ndi a Chilima mu 2019, koma ndi a Dalitso Kabambe mu 2025 inapeza pafupifupi 4.

9. Musataye malovu pa dzina limene malamulo atsekera chitseko. Ngakhale a Muluzi, UDF ili pamphamvu, bilu yochotsa malire a materemu inawakanika ku Nyumba ya Malamulo mu 2002.

10. Musamati wachiwiri ndi wonyamula chikwama. A Justin Malewezi, a Cassim Chilumpha, mayi Banda ndi a Chilima onse anasemphana ndi abwana awo, ndipo kusemphana kotere kumang'amba chipani pakati.

11. Musaphatikize mavoti a zipani ngati masamu a Sitandade 3. Mu 2009 a John Tembo anali ndi MCP ndi UDF pambuyo pawo koma anagonja kutali, ndipo mu 2020 DPP ndi UDF pamodzi zinathera pa 39 peresenti.

12. Musakhulupirire zotsatira za pa WhatsApp, kapena za mneneri amene akuti anaonetsedwa kutulo. Chisankho chilichonse alosi otere amagawana mayina, wina n'kulasa mwangozi, olephera aja n'kungokhala chete osapepesa.

13. Musaganize kuti wopambana kwambiri lero wamanga nyumba pampandopo. A Bingu a 66 peresenti aja, pofika pa 20 Julayi 2011 anthu anali m'misewu kuwatsutsa.

14. Musayese kuti wogawa ndalama wagula voti. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, ndipo m'kachipinda kovotera munthu amalowa yekha, wopereka K2,000 uja ali panja.

15. Musabetche mbuzi, njinga kapena ndalama ya fizi. Zaka zisanu n'zambiri pa ndale za Malawi, ndipo amene mukumubetcherayo sadziwa n'komwe kuti muli ndi ana asukulu.

16. Musaone phungu wokondedwa n'kuganiza kuti mtsogoleri wa chipani chake wadutsa. Amalawi amadziwa kugawa: mu 2014 anatumiza ku Nyumba ya Malamulo aphungu oima paokha oposa 50, pulezidenti n'kusankha wa chipani.

17. Musathamangire kufuula kuti kwaberedwa, komanso musamati kubera kulibe. Tipeksi wa 2019 anagwetsedwa ndi mapepala a zotsatira amene anaperekedwa kukhoti ngati umboni, osati ndi mphekesera za pamowa.

18. Musadane ndi mnansi chifukwa cha ulosi. Apa ndikulankhula ndi ife a ku Luwani makamaka, chifukwa zotsatira za ndale zamagazi tinaziona ndi maso. Kampu ya pano inasunga abale athu a ku Mozambique othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, inatsekedwa mu 2007, ndipo mu 2016 inatsegulidwanso anthu a ku Tete atathawiranso kuno kudzera ku Kapise. Amayi anafika ndi ana kumbuyo, kamtolo pamutu, minda ndi ziweto atazisiya. Amene mukukangana naye pabawoyo ndi yemwe adzakumbe manda maliro akagwa pakhomo panu, osati a ku Lilongwe aja.

Ndiye tsutsanani, abale anga, tchulani mayina anu onse, a DPP, a MCP, a UTM, a UDF, a AFORD ndi ena amene sanabadwe n'komwe pa ndale. Koma mukamatchula dzina, bwerani ndi manambala ake, mutiuze kumene theka la mavoti lichokere. Ndipo inu amene mwana wanu akwanitse zaka 18 chisanafike chaka cha 2030, mutumeni akajambulitse chitupa cha unzika msanga, asadzayambe kuthamanga kalembera wa mavoti atatsala masiku awiri.