Phunziro: Momwe Kolera Amafalira ndi Momwe Tingamupewere

Kolera ndi matenda otsekula m'mimba. Amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, topezeka m'chimbudzi cha munthu wodwala. Tizilomboti timalowa m'thupi kudzera pakamwa, m'madzi kapena m'chakudya.

Ku Karonga, anthu ambiri amatunga madzi m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje monga North Rukuru ndi Songwe. Mvula ikachuluka, madzi amasefukira n'kugwetsa zimbudzi. Zonyansa zimakokolokera m'zitsime ndi m'nyanja. Pamadoko a asodzi, pomwe zimbudzi n'zochepa, ena amadzithandiza m'madzi omwewo amene anzawo akumwa. Ntchentche nazo zimachoka pa zonyansa n'kukatera pa usipa, pa mango kapena pa nsima.

Mliri umene unabuka mu Novembala 2017 unavutitsa kwambiri Karonga. Wina unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kufika m'maboma onse, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Kolera sanatheretu. Amabwereranso paliponse pamene madzi abwino ndi zimbudzi zikusowa.

Wodwala kolera amatsekula m'mimba pafupipafupi. Chimbudzi chake chimakhala ngati madzi otsukira mpunga. Amasanza, maso amalowa m'kati, miyendo imakokana. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo munthu wamphamvu angathe kumwalira tsiku lomwelo.

Choncho wodwala abwezeredwe madzi msanga. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Mumwetseni pang'onopang'ono, ngakhale akusanza, uku mukupita naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche. Ngati ndi mwana woyamwa, apitirize kuyamwa.

Kupewa kolera kumayambira pakhomo. Thirani klorini m'madzi akumwa monga akulangizirani alangizi a zaumoyo, ndipo vundikirani ndowa. Kumbani chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, muike mpondagiya ndi sopo pafupi. Sambani m'manja mukachoka kuchimbudzi, musanaphike ndiponso musanadye. Pamaliro, musasambe m'beseni limodzi, koma thiranani madzi. Idyani chakudya chikadali chotentha. Katemera wa kolera akabwera, kalandireni. Ndi wakumwa, osati wobaya.

Mafunso
1. Kodi kolera amalowa bwanji m'thupi?
2. N'chifukwa chiyani amavuta kwambiri nthawi ya dzinja?
3. Mungatani ngati mnzanu wayamba kutsekula m'mimba usiku?
4. Kambiranani: m'mudzi mwanu, ndi makomo angati amene alibe chimbudzi, nanga muwathandiza bwanji?

Lembani mawu awa: kolera, klorini, chimbudzi, katemera.