Kuwongola Tsamba Lopendekeka

Sabata yatha aphunzitsi athu a Masamu anandipatsa mapepala a mayeso akale, amene iwonso anacita kubwereka kwina, kuti ndikawajambule pa sikana ya ku ofesi. Belu la cakudya linali litalira kale, ndipo inu nonse mudziwa cimene cioneka kwa munthu wocedwa pa tsiku la nyama. Cotero ndinaika mapepalawo mwaliwiro. M'mawa mwace, eni ace atawatenga, tinapeza kuti mizere yonse ya m'PDF inali kutsetserekera ku dzanja lamanja ngati njira ya ku dambo. Aphunzitsi anati sangaononge mapepala a sukulu posindikiza zotere, ndipo anzanga a Fomu 4 anandiyang'ana ndi maso oipa, pakuti mayeso ali pafupi.

Poyamba ndinayesa batani lotembenuzira tsamba, koma linangogoneka tsambalo cam'mbali. Cifukwa cace ndi ici: m'malamulo a PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa m'caka ca 1993, tsamba lathunthu litembenuka ndi madigiri 90, 180 kapena 270 basi. Wofuna madigiri awiri ayenera kusiya tsamba liri ciriri, natembenuza zolembedwa ziri m'kati mwace.

Tsono nchito yoyamba ndiyo kudziwa kupendekeka kwace. Pano ndipo ndinaona phindu la tangent, amene kale ndinkamuyesa cilango cabe. Ndinasindikiza tsamba limodzi, ndi kuyesa ndi rula. Mzere wa mau wotalika mamilimita 170 unatsika mamilimita 6 pofika ku mapeto ace. Pogawa 6 ndi 170 tipeza 0.035, ndipo ameneyu ndiye tangent wa madigiri 2. Yesani mzere wautali koposa pa tsambalo, cifukwa pa mzere waufupi kulakwa kwa milimita imodzi kusokoneza yankho lonse.

Kenaka ndinatsegula PDF ija mu GIMP, pulogalamu yaulere ya zithunzi. Ikakufunsani kuculuka kwa timadontho, lembani 300 pa inchi, kuti timanambala tating'ono ta pamwamba pa x tisafufutike. Mu GIMP nambala wamba itembenuza cithunzi monga ayendera manja a koloko. Langa linafunika kubwerera m'mbuyo, motero ndinalemba -2.

Cenjerani ndi ngodya za tsamba. Pepala la A4 liri mamilimita 210 m'mimba mwace ndi 297 m'litali. Likatembenuka madigiri 2 lifuna malo a mamilimita 220 m'mimba, ndipo ngodya zace zituluka kunja. Ngati m'mphepete muli poyera palibe kanthu, koma ngati muli manambala a mafunso, cepetsani cithunzi kufikira magawo 95 pa 100 musanacitembenuze.

Njira imeneyi iyenera mapepala ojambulidwa pa sikana okha, popeza iwo ndi zithunzi kale. PDF yotaipidwa pa kompyuta ikalowa mu GIMP mau ace asanduka cithunzi, ndipo simungathenso kufufuzamo liu.

Masamba anali 12, ndipo liri lonse linapendekeka mwa mtundu wace, kotero ndinayesa limodzi limodzi kufikira nthawi ya kuzima magetsi. Lacisanu aphunzitsi anasindikiza onse, koma anandionetsa kuti tsamba la 7 ndinalipitiriza pang'ono, ndipo tsopano likwera phiri.