Kuchenjeza Bwino Pamene Pulogalamu Yasintha

Ambiri a ife amene tikuphunzira za makompyuta sitilemba pulogalamu yonse tokha. Timatenga zidutswa zimene ena analemba kale, zotchedwa laibulale, n'kuzilumikiza ku ntchito yathu. Eni laibulale akaikonza n'kutulutsa mtundu watsopano, amalembanso kalata yofotokoza zimene zasintha. Kalatayi imatchedwa release notes. M'phunziro lino tiona mmene tingailembere pamene kusinthako kudzachititsa kuti mapulogalamu a anzathu asiye kugwira ntchito monga kale.

Mitundu iwiri ya kusintha koononga

Tiyambe ndi chitsanzo cha chiyankhulo cha Python. Python 3.0 inatuluka mu December 2008, ndipo inasintha zinthu zambiri zimene anthu anazolowera mu Python 2. Zina zinali zoonekeratu. Mwachitsanzo, kalembedwe ka lamulo la print kanasintha, moti pulogalamu yakale imangokana kuyamba, ndipo mwini wake amadziwa nthawi yomweyo kuti pali vuto.

Zina zinali zobisika. Mu Python 2, kugawa 7 ndi 2 kumapereka 3, pamene mu Python 3 kumapereka 3.5. Lamulo la round nalonso linasintha. Python 2 imakweza 64.5 kukhala 65, koma Python 3 imasankha nambala yogawika ndi 2 imene ili pafupi, ndiye imapereka 64. Taganizirani pulogalamu yowerengera malikisi pa koleji imene giredi ina imayambira pa 65. Pulogalamuyo siima, sidandaula, koma wophunzira watsitsidwa giredi popanda munthu wodziwa. Kusintha kotere n'koopsa kwambiri, ndipo wolemba kalata ayenera kukuika poyamba.

Zimene Baibulo limatiphunzitsa

Pa Ezekieli 33 timawerenga za mlonda wa mudzi. Akaona nkhondo ikubwera n'kuomba lipenga, munthu wosamvera amadziphetsa yekha. Koma akakhala chete, Mulungu amamuimba mlandu mlondayo. Paulo, pa 1 Akorinto 14:8, akuonjezera mfundo ina: kuomba kokha sikokwanira, chifukwa lipenga likamveka mosadziwika bwino asilikali sakonzeka. Pa Levitiko 19:14 Mulungu analetsanso kuika chopunthwitsa pamaso pa munthu wosaona.

Amene wasintha laibulale ndiye mlonda, chifukwa akudziwa zimene zikubwera pamene ogwiritsa ntchito sakudziwa. Akalemba mawu akuti "takonza zina ndi zina" basi, kapena akabisa chenjezo pakati pa mizere 200, lipenga lake laomba koma silinamveke.

Zimene tiyenera kuchita

Choyamba, nambala ya mtundu ichenjeze. Ndondomeko ya Semantic Versioning, imene analemba Tom Preston-Werner, mmodzi mwa oyambitsa GitHub, imagawa nambalayi patatu, monga 2.4.1. Ya kumapeto imakwera tikangokonza cholakwika. Yapakati imakwera tikaonjezera chinthu chatsopano osaononga zakale. Yoyamba imakwera pamene mapulogalamu akale angasiye kugwira ntchito. Munthu akaona 3.0.0 amadziwiratu kuti awerenge kaye asanaike.

Chachiwiri, tichenjeze nthawi ikadalipo. Eni laibulale ya pandas analengeza mu mtundu wa 1.4 kuti lamulo la DataFrame.append lidzachotsedwa, ndipo anauza anthu kuti azigwiritsa ntchito concat. Analichotsadi mu mtundu wa 2.0, mu April 2023. Pakati ponsepa lamulolo linkagwirabe ntchito, koma linkatulutsa chenjezo kwa aliyense woligwiritsa ntchito.

Chachitatu, zosintha zoononga zikhale ndi mutu wawo. Makalata a Django amakhala ndi gawo lapadera la zosintha zosagwirizana ndi mitundu yakale, kotero kuti wowerenga safunika kufufuza m'kalata monse.

Chachinayi, pa kusintha kulikonse tiyankhe mafunso anayi. N'chiyani chasintha? Chikhudza ndani? Tasinthiranji? Wokhudzidwayo achite chiyani? Tionetse mzere wakale ndi mzere watsopano moyandikana, kuti munthu angoona n'kukonza.

Chachisanu, tinene mosabisa tsiku limene tidzasiye kusamalira mtundu wakale. Eni Python poyamba ananena kuti adzasiya Python 2 mu 2015, koma ataona kuti ambiri sanasamuke anaonjezera nthawi mpaka pa 1 January 2020. Chakacho chinalengezedwa kudakali zaka zingapo, ndipo makampani ndi masukulu anali ndi mpata wokonzekera.

Mbali ya wowerenga

Nkhani ya mlonda ija ilinso ndi mlandu wa womva. Ife amene timaika mtundu watsopano usiku woti mawa tipereka ntchito kwa aphunzitsi, osawerenga kalata, tisadandaule pulogalamu ikaima. Tiwerenge kaye, tiyesere pambali, kenako tisamuke. Izi n'zofunika kwambiri ngati pulogalamuyo imathandiza msungichuma wa mpingo kuwerengera chakhumi ndi zopereka, chifukwa pamenepo nambala imodzi yolakwika ingadetse mbiri ya munthu wokhulupirika.

Ndipo mfundoyi sikhudza a makompyuta okha. Komiti ya mpingo ikasintha nthawi ya Sukulu ya Sabata kapena fomu ya malipoti, mafunso anayi aja ayenera kuyankhidwa pa chilengezo, mwinamwake agogo adzafika mapemphero atayamba kale.

Mafunso okambirana

1. Pa ntchito imene gulu lanu likupanga chaka chino, ndi kusintha kuti kumene kungapereke yankho lolakwika popanda pulogalamu kuima?
2. Werengani Ezekieli 33:1-9. Kodi mlandu wa mlonda umathera pati, nanga wa womva umayambira pati?
3. Tengani kalata ya laibulale imene mumagwiritsa ntchito. Kodi ikuyankha mafunso anayi aja? Lembaninso ndime imene sikumveka, mudzaiwerenge m'kalasi.