Kasamalidwe ka Duwa la Hoya M'nyumba

Amayi anzanga, hoya ndi duwa loyanga, la masamba okhuthala onyezimira ngati apakidwa phula. Kwawo ndi ku Asia ndi Australia, ndipo kuno silipezeka wamba. Mnzanu akakupatsani kanthambi, musakataye.

Kabzaleni m'chitini chaching'ono chobowola pansi, m'dothi losakaniza mchenga ndi tizidutswa ta makala. Ikani pafupi ndi zenera pomwe dzuwa la masana silifika, ndipo mangani chingwe choti lidziyangapo.

Chimene chimapha hoya ndi madzi ochuluka. Masamba ake amasunga madzi, kotero inu a ku Mgona ndi Chinsapo amene mumagula madzi pa kiyosiki musade nkhawa. Pisani chala m'dothi. Ngati muli chinyontho, dikirani. Mu June ndi July chepetsaninso. Mizu ikaola, masamba amachita chikasu n'kuthothoka. Madzi otsalira m'mbale ya pansi tayani. Ine amene ndinagwirapo ntchito m'chipatala sindifuna udzudzu uswanirane m'nyumba mwanu.

Lingathe zaka ziwiri kapena zitatu lisanamasule. Maluwa akafota, musadule kaphesi kake, chifukwa ena adzatulukira pomwepo.