Kukonza mafoda a MAME kuti magemu akale ayende

MAME ndi pulogalamu imene imatsanzira makina a magemu oponya ndalama yachitsulo aja, kotero kuti Pac-Man kapena Street Fighter II amatha kuyenda pa kompyuta wamba. Anaiyamba ndi Nicola Salmoria wa ku Italy mu 1997, ndipo mpaka lero ndi yaulere. Anthu ambiri amene amaigwiritsa ntchito koyamba amagwa ulesi gemu ikakana kutseguka, koma nthawi zambiri pulogalamu imakhala ilibe vuto. Fayilo ndiyo imakhala yaikidwa pamalo olakwika.

Yambani ndi malo. Tsitsani MAME pa mamedev.org, kenako pangani foda yanu, monga C:\mame, n'kumasulira zonse mmenemo. Musaiike mu Program Files, chifukwa Windows imaletsa mapulogalamu kulembamo mwachisawawa, pomwe MAME imafuna kulemba zinthu nthawi iliyonse mukasewera. Palibenso zina zoti muinsitole. Mukamasula, mwatha.

Lowani mu fodayo, lembani cmd pamwamba pamene pamaoneka dzina la foda, dinani Enter. Pawindo lakuda limene litseguke lembani mame -cc. Lamuloli limapanga fayilo ya mame.ini, ndipo mmenemo muli mzere wa rompath umene umauza MAME kokafuna magemu. Ngati magemu anu ali pa disiki ina, onjezani njirayo pambuyo pa chizindikiro cha ; motere: roms;D:\magemu.

Tsopano foda ya roms, pamene pagona nkhani yonse. Gemu iliyonse imabwera ngati fayilo ya zip, ndipo iikidwe mmenemo momwe yabwereramo. Musaimasule, musaisinthe dzina. Ine ndinataya masiku atatu poyamba paja: ndinaona fayilo yotchedwa sf2.zip, ndinaganiza kuti dzinalo silikumveka, ndinalisintha kukhala dzina lonse la gemu, ndipo MAME inangoiona ngati kulibe. Pulogalamuyi imadziwa gemu ndi dzina lalifupi lija basi.

Magemu enanso sayima paokha. Pali gemu yoyambirira ndi ana ake, amene ndi mitundu ina ya gemu yomweyo yopangidwira mayiko ena. Pac-Man imene ambiri amaidziwa ndi mwana wa puckman, ya ku Japan imene Namco inatulutsa mu 1980. Choncho pacman.zip ikhoza kukana kuyenda ngati puckman.zip palibe pambali pake. Chimodzimodzi magemu a Neo Geo, monga Metal Slug ndi The King of Fighters: onse amadalira neogeo.zip, imene nayo imakhala mu roms yomwemo, yosamasula. Magemu amene makina ake anali ndi disiki mkati, monga Killer Instinct, ali ndi fayilo yaikulu ya CHD. Imeneyi imafuna kafoda kakekake mkati mwa roms, kokhala ndi dzina lofanana ndi zip yake: kinst.zip ikhale mu roms, kinst.chd ikhale mu roms\kinst.

Chinthu china chimene chimazunguza anthu n'chakuti MAME imatuluka yatsopano pafupifupi mwezi ndi mwezi, ndipo mafayilo a magemu ena amakonzedwanso. Zip imene inkayenda pa MAME yakale ikhoza kukanidwa ndi yatsopano. Lembani mame -verifyroms n'kutsatiza dzina la gemu, ndipo ikuuzani fayilo imene ikusowa. Langizo langa ndi lakuti zikakuyenderani, musathamangire kusintha MAME yanu popanda chifukwa.

Mafoda enawo savuta. Mu samples mumakhala mawu ojambulidwa a magemu ochepa monga Zaxxon. Mu artwork mumakhala zithunzi zokongoletsa m'mbali mwa sikirini, ndipo mu snap mumagwera zithunzi zimene mwajambula podina F12. Awiri ofunika kuwasamala ndi cfg, mosungira mabatani amene mwasankha, ndi nvram, mosungira zimene makinawo ankakumbukira akazimitsidwa. MAME imalemba mmenemo pamene mukutuluka, ndiye tulukani podina Esc. Magetsi akazima muli mkati, zimene munasintha zija zapita. Mukafuna kusamukira pa kompyuta ina, koperani mafoda awiriwa pamodzi ndi roms ndi mame.ini.

Pa nkhani ya umwini tisanamizane. Magemu ambiriwa ali ndi eni ake, ndipo kukhala akale sikuwasandutsa aulere. Koma pa mamedev.org pomwepo pali ena amene eni ake analola kuti anthu aziwatsitsa kwaulere, monga Gridlee ndi Robby Roto. Yeserani amenewa poyamba. Ikani gridlee.zip mu roms, tsegulani mame.exe, sankhani gemuyo, dinani 5 kuti muponye ndalama, kenako 1 kuti muyambe. Mukafuna kusintha mabatani dinani Tab. Gridlee ikayenda, dziwani kuti mafoda anu ali bwino, ndipo gemu ina ikadzakana mukayang'ane zip yakeyo.