Makina akale a milling: kuwanyamula, kuwakhazika ndi kuwadzutsa

Madzulo ano ndili ndi makalata atatu, ndipo onse akukamba za milling yogona, ija shafiti yake imakhala chopingasa m'malo moima chilili.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Ndirande. Akuti: "Ndagula makina a Cincinnati nambala 2 ku fakitale ina ku Makata. Anyamata akuti tikakhala khumi tikhoza kuwakweza pa lole pamanja. Kodi n'zotheka?"

Bambo, chonde musayerekeze. Makina amenewa amalemera pafupifupi matani awiri kapena kupitirira apo, kulemera kwake kuli kumtunda pomwe phazi lake ndi laling'ono. Akangopendekeka palibe dzanja lingawabweze. Ine ndinaonapo makina otere akugwa pakhomo pa shopu, tebulo linathyoka pakati, ndipo mnyamata wina anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Lipirani kireni, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mwendo wa mwana wa eni.

Kireni isanafike, tsitsani knee, chonyamula tebulo chija, mpaka pansi, tebulo mulibweze pafupi ndi thupi la makina, likhale pakatikati, mumange zokhomera zonse. Chotsani arbor, shafiti yonyamula cutter ija, ndi chochirikizira chake, mukhuthule madzi oziziritsira omwe amatsalira m'phazi. Lamba wokwezera akole pomwe buku la makinawo likunena. Pa makina ambiri ndi pa overarm, mkono wa pamwamba uja, kufupi ndi thupi. Asakole tebulo kapena zogwirira. Polowetsa m'shopu yalani mapaipi olimba atatu kapena anayi, muzikankha ndi mgwala pang'onopang'ono. Malo a ku Ndirande mukuwadziwa, ndi okwera ndi otsika. Potsetsereka mangirani tcheni buloko kumtunda, ndipo kumunsi kusaime munthu.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina amene ali ndi shopu ku Kanengo. Akuti: "Talumikiza magetsi, mota ikulira bwinobwino, koma tebulo silikuyenda lokha, ndipo pakagalasi koonera oilo sipakuoneka kanthu."

Mayi, zimitsani kaye. Pa makina ambiri otere oilo amakwezedwa ndi pampu yoyendera mota yomweyo. Mota ikamazungulira chobwerera, pampu siikoka, magiya amayenda ouma. Uzani wa magetsi wanu azimitse pa switchi yaikulu, asinthanitse mawaya awiri mwa atatu aja a three phase, muyesenso. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo. Likapitirira, onani ngati oilo alimo okwanira ndiponso ngati sefa ya pampu sinatsekeke ndi zinyalala.

Muwerengenso kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi a ESCOM a three phase ndi 400 V pa 50 Hz, pomwe mota zambiri zakale za ku America zinapangidwira 220 kapena 440 V pa 60 Hz. Ngati mwini wakale anailumikiza pa 220, kuno ipsa. Ikakhala pa 440 iyenda, koma mochedwerapo: ya 1,750 pa mphindi izizungulira pafupifupi 1,450. Ndiye manambala a liwiro olembedwa pa makina musawakhulupirire monga alili. China chimene chimandiwawa mtima ndi girizi. Timabowo tambiri ta pa tebulo ndi pa knee ndi tothirira oilo, koma anthu amapopera girizi, nauma m'njira zake, chitsulo n'kumakhulana chokhachokha. Mukampeza girizi mmenemo, masulani mutsuke.

Yachitatu yachokera kwa mnyamata wa ku Luwinga ku Mzuzu, amene wangomaliza kumene maphunziro a ufitala. Akuti makina ake a Adcock & Shipley akamadula amanjenjemera, amalira ngati chigayo, ndipo chitsulo chimatuluka ndi timizeremizere.

Achimwene, yambirani pansi. Makina akhale pa konkire yolimba, ngodya zonse zinayi zigunde. Ikani levulo pa tebulo m'litali ndi m'lifupi, muzilowetsa timalata pansi pa phazi mpaka akhazikike. Kenako onani arbor. Cutter ikhale pafupi ndi thupi la makina, chochirikizira chikhale pafupi ndi cutter. Mukasiya mpata waukulu arbor imavina. Mphete zapakati zija muzipukute imodziimodzi, chifukwa kachitsotso kamodzi kokha kokanirira pakati pake kamakhotetsa arbor mukamanga nati. Natiyo musamange kapena kumasula chochirikizira chisanalowe m'malo mwake. Ma arbor ambiri okhota amene ndawaona anakhota ndi sipanala, osati ndi ntchito.

Mukatero gwedezani tebulo ndi manja. Likamasewera, mangani ma gib, tizitsulo tothinira tebulo m'njira yake, pang'ono, koma muliyendetse mpaka kumapeto konse, poti makina akale amadyeka pakati, ndipo gib yothina bwino pakatipo imakanirira kumapeto. Chifukwa cha kudyeka komweko, chitsulo chiziyenda mokumana ndi mano a cutter, osati motsatana nawo. Mukatsatana nawo, cutter imakoka tebulo mwadzidzidzi, mano n'kuthyoka.

Za liwiro ndikukayikira kuti mukuthamangitsa. Cutter ya HSS pa chitsulo wamba imafuna mamita pafupifupi 25 pa mphindi. Ngati kukula kwake ndi mamilimita 100, ndiye izungulire pafupifupi ka 80 pa mphindi basi. Achinyamata ambiri amaona ngati kumeneko n'kuchedwa, amakweza liwiro n'kuchepetsa kudya, cutter n'kumangokhula mpaka kubuntha. Tsitsani liwiro, dzino lililonse lidye, mudzamva kulira kwake kukusintha. Ndipo malaya a manja aatali, magolovesi ndi nsanza zikhale kutali ndi cutter ikamazungulira.

Nthawi yatithera. Mukamatilembera, tchulani dzina la makina, nambala yake ndi zonse zolembedwa pa mota, kuti tikuyankheni molunjika. Achimwene a ku Luwinga, mutiuze mmene chitsulo chatulukira mukayesa zimenezi. Tsalani bwino.